Mpiringidzo wa Masitolo Asanu

Masitolo a kwathu anali asanu, ndipo onse ankatsekedwa ndi mpiringidzo umodzi. Anzanga a m'tauni ndikawauza zimenezi amati ndikukokomeza, koma chitsulocho ndinachigwirapo ndi manja angawa, ndipo dzimbiri lake linandiwonongera madiresi angapo.

Masitolowo anandandalika mzere umodzi moyang'ana kunyanja, denga limodzi, khonde limodzi. Anawamangitsa munthu wina wamalonda amene ife sitinamuone. Akuluakulu ankangomutchula kuti a Chipewa, poti amati sankachivula ngakhale pometetsa tsitsi. Munthuyu sankakhulupirira aliyense. Analemba antchito asanu, koma sanafune kuti wina akhale ndi kiyi wakewake, choncho anauza amisiri kuti ayendetse chitsulo chachitali pamwamba pa zitseko zonse, kuyambira pakona mpaka pakona. Chitsulocho chinkadutsa m'mphete zokhomeredwa kukhoma, ndipo pa chitseko chilichonse chinali ndi dzino loloza pansi limene linkagwira chitsekocho. Akachikoka pang'ono, kutalika kwa mkono basi, mano onse ankachoka pazitseko nthawi imodzi. Akachikankha, masitolo onse atsekeka. Loko anali mmodzi yekha, kumapeto.

Malonda atamukanika, munthuyo anagulitsa masitolowo imodzi imodzi n'kusamuka. Ogulawo anazindikira mochedwa kuti agula zitseko zimene sangazitsegule paokha. Mphepo ya kunyanja imadya chilichonse chachitsulo, ndipo inali italimbitsa kale mpiringidzowo moti munthu mmodzi sakanausuntha. Pankafunika kuti mwini sitolo aliyense aime pakhomo pake, akweze manja, atukule chitsulocho pang'ono kuti chisakanirire m'mphete, kenako wa kumapeto akoke. Wa kumapetoyo anali agogo anga aamuna, ndipo iwo atamwalira ntchitoyo inatsalira bambo anga, pamodzi ndi kiyi.

Sitolo yathu inali ya zingwe, misomali, mbedza, phula, utoto wa maboti, nyale ndi maloko, ndipo bambo anthu ankawatchula kuti a Zingwe. Yotsatana nayo inali ya mayi telala, amene ine ndinakula ndikuwaitana kuti azakhali ngakhale kuti panalibe chibale. Pakati panali a Ketulo, ogulitsa tiyi ndi buledi, kenako mayi a golosale, ndipo kumapeto enawo kunali ometa tsitsi, a Lumo. M'mawa uliwonse anthu asanuwa ankaima pakhonde, manja m'mwamba. Bambo ankatsegula loko n'kufunsa ngati onse agwira. Yankho linkayambira kwa a Lumo n'kumatsika khomo ndi khomo, ndipo likafika kwa azakhali bambo ankakoka. Chitsulocho chinkalira mokweza moti agalu a kugombe ankauwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti masitolo atsegula. Chikayamba kulira moipa, asanuwo ankasankha tsiku loti achipake girizi, ndipo sabata yonseyo aliyense wodutsa pakhomo mosasamala ankatuluka ndi dontho lakuda paphewa.

Mpiringidzowo unali ndi malamulo ake amene sanalembedwe paliponse. Panalibe wolawirira kuti alande makasitomala a mnzake, panalibenso wotsalira madzulo. Nthawi yotseka ikakwana a Lumo ali pakati pometa munthu, enawo ankakhala pabenchi kudikira, uku akumuseka wometedwayo kuti mutu wake ndi waukulu ngati bwalo la mpira. Tsiku lina a Ketulo anagonereza atachokera ku ukwati wa mphwawo. Amayi ofuna shuga ndi asodzi ofuna mbedza anadzaza khonde. Aliyense pagululo akanatha kutukula m'malo mwawo, koma palibe amene anaganizako, chifukwa pakhomo pa munthu ankagwirapo ndi mwini wake kapena wa m'banja lake. Bambo ndi a Lumo anakawatenga kunyumba ali chifundire bulangete n'kudzawaimika pakhomo pawo. Akuti anatukula chitsulocho maso ali chitsekere.

A Ketulo omwewo anayambana ndi mayi a golosale chifukwa cha mphaka amene ankagona pathumba la shuga, ndipo anatha zaka osapatsana moni. Uthenga ankatumizirana kudzera mwa a Lumo, amene ankauthira tsabola popita ndi pobwera. Komabe m'mawa ndi madzulo awiriwo ankaima pamakomo oyandikana, manja m'mwamba, wina akuyang'ana kunyanja, wina kukhoma. A Lumo ankati sanaonepo adani opemphera limodzi ngati amenewo.

Zinthu zinayamba kusintha atamanga msewu watsopano kumtunda kwa mudzi. Basi inasiya kutsikira kugombe, ndipo pasiteji panatsegulidwa sitolo yaikulu ya magetsi owala, yogulitsa zonse, kuyambira shuga mpaka misomali ya m'mapepala. A Ketulo anatengedwa ndi ana awo. Mayi a golosale m'mawa wina sanafike, ndipo enawo atakagogoda kunyumba kwawo anawapeza atagwa kukhitchini, akupumabe. Anakhala ndi moyo mpaka chaka chinacho. Atamwalira, adzukulu awo anadzatenga sikelo ndi firiji, osabweranso. Kuti atatu otsalawo azikwanitsa, bambo anasema mitengo iwiri ya mphanda yoti azichirikizira chitsulocho pamakomo opanda eni. Mitengoyo a Lumo ankaipatsa moni m'mawa, wina a Ketulo, wina mayi a golosale, n'kumanena kuti tsopano awiriwo agwirizana.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditakhazikika kale m'tauni. Amene anandiimbira foni ndi a Lumo. Anayamba ndi nthabwala monga mwa masiku onse, kunditchula kuti Namisomali, dzina limene anandipatsa ndili mwana chifukwa ndinkakonda kusanja misomali m'mabokosi. Kenako mawu awo anatsika. Anati bambo apatsa msodzi utoto wofiira m'malo mwa wobiriwira, ndipo dzulo lake anaphonya sitepe ya khonde n'kugwa chafufumimba. Ndinapita nawo kwa dokotala wa maso. Dokotalayo anati ndi ng'ala m'maso onse awiri, lakumanzere lafika poipa, ndipo akachedwanso lidzawonongekeratu, lakumanja n'kutsatira. Opaleshoni yake inali ya ku chipatala chachikulu cha m'tauni. Ikatha, bambo anayenera kukhala kwa ine kwa kanthawi, osanyamula kapena kukoka chinthu cholemera.

Pamaso pa dokotala anavomera zonse, koma tsiku limene tinapatsidwa litayandikira anati nyengo ya nsomba yafika, sangachoke. Tinapatsidwa tsiku lina, anati a Lumo akudwala chifuwa. Ulendo wachitatu dokotalayo anandiuza mosabisa kuti odikira ndi ambiri, ndipo tikajombanso dzina la bambo lipita kumapeto kwenikweni. Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kukwera basi, nditatsimikiza mtima kuti sindibwerako ndekha.

Ndinawapeza ali kuseri kwa kauntala, akupima chingwe monga ankachitira nthawi zonse, kuchokera pamphuno mpaka kunsonga ya chala. M'sitolomo munkamvekabe fungo la phula ndi la chingwe chatsopano. Anandizindikira ndi mawu. Polankhula nane ankandiyang'ana paphewa osati kumaso, ndipo ine ndinayamba kusuntha mabokosi.

Nkhani tinaikamba madzulo titatseka. Sanakane kuti maso afooka. Funso lawo linali limodzi: iwo akachoka, azikoka ndani? Ndinati kiyi awasiyire a Lumo. Anati a Lumo manja awo amanjenjemera, moti masiku ano amameta ndi makina okhaokha, lumo lenileni analisiya kalekale. Azakhali nawonso msana unawatha. Ndinati tipemphe anyamata a kugombe. Anati nthawi yotsegula amakhala ali panyanja, ndipo munthu wopemphedwa amabwera lero ndi mawa, mkuja mutu wamupweteka. Pomaliza ndinanena zimene ndinali nditakonzekera njira yonse m'basi, kuti mpiringidzowo tingousiya chikokere, chitseko chilichonse chikhale ndi loko wake.



"Ndiye aliyense azifika nthawi yake n'kuchoka nthawi yake, ngati anthu a lendi a m'tauni mwanumo?" anatero. "Mayi a golosale tikanawapeza liti?"

"Nanga inuyo mukasiya kuona, bambo, mudzadziwa bwanji kuti wina sanabwere?"

"Ndidzamva. Makutu ndili nawo."

M'mawa mwake ndinaonerera akutsegula. Bambo anapapasa mitengo ya mphanda ija n'kuiimika. Azakhali anakwera pa njerwa ziwiri, poti msana unawafupikitsa, n'kukweza manja akuluma mlomo. A Lumo anati agwira, azakhali anati agwira, bambo anakoka, chitsulo osasuntha. Anapuma n'kukokanso, mitsempha ya m'khosi ili poyera. Ndinayesa kugwira nawo koma anandibweza ndi chigongono. Chitasuntha, onse atatu anakhala pabenchi kaye asanalowe m'masitolo mwawo, ndipo a Lumo anati kale chitsulochi chinali chopepuka, wina ayenera kuti amachidyetsa mobisa.

Ndinalowa kwa azakhali. Chipinda chawo chinali monga kale: makina opalasa ndi phazi pafupi ndi zenera, tizidutswa ta nsalu pansi ponse, madiresi osatengedwa atapachikidwa pawaya, ena a anthu amene anamwalira kalekale. Ndinawafotokozera zonse. Sanasiye kusoka. Mapini ali pakamwa, anandifunsa mawu enieni amene dokotala ananena, ndipo ndinawabwereza. Anafunsanso ngati tsikulo ndi lomaliza ndithu. Kenako anandiuza kuti ndiwapatsire choko cha buluu pashelefu, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yathera pomwepo. Ndinatuluka wokhumudwa, poganiza kuti nawonso aima kumbali ya bambo.

Tsiku loti mawa ndi ulendo, titangotsegula, panafika mmisiri wowotcherera zitsulo wa kusiteji akukankha wilibala, mmenemo muli makina odulira ndi waya wautali wa magetsi. Anapita molunjika kwa a Lumo kukalumikiza wayayo. Bambo anamva kulira kwa wilibala n'kutuluka. Atafunsa kuti ndi ndani ndipo akufunanji, mmisiriyo anayang'ana a Lumo, a Lumo anayang'ana kudenga.

"Ndamuitana ndine, achimwene," anatero azakhali ali pakhomo pawo. "Adule chitsulochi."

"Mwana wangayu ndi amene wakutumani?"

"Mwanayo musamunamizire, sakudziwa kanthu. Ndine. A Lumo avomera."

A Lumo anati iwo anangovomera za magetsi basi. Palibe amene anaseka.

Bambo anafunsa ngati azakhali atopa nawo, ndipo ngati atopa, bwanji sananene kalekale m'malo mowachitira zamseri ngati munthu wobwera. Anawakumbutsa kuti mayi owabereka azakhaliwo anagwira pakhomo pomwepo mpaka mutu unayera, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Mawu awo sanakwere, koma dzanja linkafunafuna chogwira mpaka linapeza nsanamira ya khonde.

Azakhali anayandikira n'kuima pafupi nawo.

"Mayi a mwanayu atamwalira munadzitsekera m'nyumba, osadya, osasamba. Ndinabwera ndine kudzagogoda. Ndinati dzukani, tonse taima panja chifukwa cha inu, ndipo munadzuka. Ntchito ya chitsulochi ndimaidziwa, achimwene, musandiphunzitse. Koma chikakhalapo inu simupita, ndipo mukapita mubwerako bandeji ili kumaso kuti mudzakoke. Ine ndiziima pano m'mawa uliwonse kuonerera munthu akuchita khungu chifukwa cha chitseko changa? Ayi, zimenezo sindichita."

Bambo anatembenuka n'kulowa m'sitolo, akukhudza khoma. Mmisiri uja anafunsa chapansipansi ngati ayambe kapena abwerere, ndipo azakhali anamuuza kuti adikire. Tinaima choncho pakhonde, mafunde akuwomba miyala kutsogoloku. Mayi wina amene anabwera kudzagula galasi la nyale anaona nkhope zathu n'kubwerera osafunsa.

Kenako tinamva makwerero akukokedwa m'katimo. Nditathamangira ndinapeza bambo atakwera kale, dzanja likuyenda pashelefu yapamwamba. Analambalala maloko onyezimira a m'mapepala n'kufika pabokosi lakale la kukona. Anayamba kundipatsira maloko amkuwa, mmodzi mmodzi, aliyense atamuyesa kaye kiyi pafupi ndi khutu. Anandipatsa asanu. Nditawakumbutsa kuti m'masitolo awiri mulibe anthu, anati zitseko za eni ake sizisiyidwa pululu chifukwa choti eniwo kulibe. Anatsitsanso zitsulo zokolekamo malokowo ndi masikuluwu odzaza dzanja.

Anatuluka nazo n'kuziika pabenchi. Anauza mmisiriyo kuti ayambe waika maloko asanadule chilichonse, ndiponso kuti asayerekeze kugwiritsa ntchito masikuluwu a kusiteji, amene amachita dzimbiri munthu asanafike nawo kunyumba. Mmisiriyo anafunsa ngati angatenge zidutswa za chitsulocho akamaliza. A Lumo anatsegula pakamwa kuti akane, koma bambo anawayambirira.

"Utenge zonse. Usasiyeko ngakhale dzino limodzi."

Kudula kunayambira kwa a Lumo. Makina ankalira, moto ukuthetheka, ndipo chidutswa chilichonse chikagwa pasimenti khonde lonse linkanjenjemera. Bambo anakhala kuseri kwa kauntala akukulunga chingwe chimene chinali chokulunga kale. Kwa azakhali makina osokera sanasiye kulira, ngakhale kuti nditasuzumira ndinaona kuti pansi pa singano panalibe nsalu. A Lumo ananyamula mitengo ya mphanda ija n'kukaigoneka kuseri kwa nyumba, osanena nthabwala iliyonse. Pofika masana, pamwamba pa zitseko panangotsala mzere wofiirira pakhoma ndi mphete zopanda kanthu.

Madzulo aliyense anatseka yekha. Zinatha msanga kwambiri moti atatuwo anaimabe pakhonde, makiyi ali m'manja, mpaka a Lumo anati kunja kwazizira, ngakhale kuti sikunazizire. M'mawa mwake tinanyamuka. Bambo anatsanzika a Lumo. Pakhomo pa azakhali anangodutsa.

Opaleshoni inachitika pa tsiku lake, diso limodzi kaye, linalo pambuyo pake. Lakumanja linachira bwinobwino. Lakumanzere dokotala anati tinachedwa nalo, liziona kuwala ndi zithunzithunzi basi. Atawamasula bandeji, bambo anaphethira, anayang'ana denga, anayang'ana namwino, kenako anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali n'kufunsa kuti imvi zimenezi ndinazitenga kuti, ndipo ndinapempha ndani. Kunyumba kwanga anakhala ngati mkaidi. Ankadzuka m'mamawa, kuvala, n'kukhala pampando wa pazenera manja ali pamaondo. Ankafunsa za a Lumo. Za azakhali sankafunsa, ndipo ndikawatchula ankapempha tiyi.

Dokotala atawalola, ndinawaperekeza kwathu. Tinatsika pasiteji dzuwa litakwera kale n'kutsetsereka wapansi, iwo patsogolo, akuwerenga mokweza chikwangwani chilichonse chimene tinkadutsa. Titafika pakona anaima. Kwa azakhali kunali kotsegula, makina akulira. Kwa a Lumo kunali loko. Tinamva pambuyo pake kuti masiku ano amatsegula akadzuka, ndipo sadzuka msanga. Chiyambire bambo anali asanaonepo sitolo ya azakhali yotsegula ya a Lumo ili yotseka. Anayang'ana mzere wonsewo, utoto wosendeka, malata obooka a pakhonde, udzu womera pamakomo awiri a pakati, n'kundifunsa ngati zakhala choncho kwa nthawi yaitali. Ndinati inde.

Sanapite pakhomo pawo. Anaima pa chitseko cha azakhali n'kuyandikizapo nkhope. Makina anasiya kulira.

"Achemwali," anatero osalowa, "chitsulo cha loko wanuyu mmisiri uja anachimanga mopendekeka. Wasiyanso bowo limodzi lopanda sikuluwu. Mwakhala mukutseka choncho nthawi yonseyi?"

Azakhali anatuluka n'kuwayang'ana m'maso, diso ili kenako linalo.

"Kabowo kakang'ono ngati kameneko mwakaona?"

"Ndakaona ndili pakona."

"Mukunama, achimwene."

"Pang'ono."

Anandipatsa kiyi wawo n'kundituma kuti ndikatenge chomangira masikuluwu cha chigwiriro chachikasu m'kabati ya pansi pa kauntala, ndi masikuluwu ena amkuwa. Azakhali anatulutsa mpando. Bambo anaukana, anapinda manja a malaya, n'kuyamba kumasula sikuluwu yapamwamba, diso lakumanzere atalitsinzina.